Kamba wa paulendo: tsiku la woyenda pansi pa njira ya kumigodi

M'nyumba ya makolo anga ku Chipadze, m'tauni ya Bindura, muli kampoto kachitsulo kakuda bii, kokhala ndi chogwirira cha waya. Sitiphikiramo chifukwa pansi pake padabooka kalekale. Komabe tsiku lina mlongo wanga atafuna kukapereka kwa anyamata ogula zitsulo zakutha, mayi adakalipa ngati kuti wina wafuna kugulitsa manda. Kampotoka adakasenza ndi agogo aamuna, bambo awo a mayi, kuchoka kumudzi kwawo ku Dedza mpaka kuno ku chigwa cha Mazowe. Adabwera wapansi, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, ndipo adakhala m'njira pafupifupi miyezi iwiri.

Agogowo adatisiya ine ndili ku sekondale, koma nkhani ya ulendo wawo ndidaimva kambirimbiri, makamaka usiku magetsi akazima. Pa nthawiyo ndinkaimva ngati nthano chabe. Lero, pamene ntchito imandifikitsa m'makomboni a migodi ndi m'mafamu a Bindura, Shamva ndi Mazowe, ndaona kuti akuluakulu omwe adabwera ndi mapazi awo atsala owerengeka, ndipo maliro alionse akukwirira nzeru zomwe sizidalembedwe paliponse. N'chifukwa chake mwezi uno ndati tikambirane za tsiku la munthu woyenda m'thengo: ankadzuka nthawi yanji, ankadya chiyani, madzi ankawapeza bwanji ndipo ankagona motani. Ndikamasanthula zomwe agogo ankafotokoza, ndimapeza kuti anthu aja ankafika amoyo chifukwa cha dongosolo lomwe gulu lonse linkatsata tsiku ndi tsiku. Dongosololi likufunikabe, popeza ana athu akuyendabe njira yomweyo.

Chidawachotsa kumudzi

Kuyambira m'zaka za m'ma 1890, boma la atsamunda ku Nyasaland linkatolera msonkho wa nyumba, pamene kumudzi ndalama zidali zosowa. M'chigawo chakumwera, anthu okhala m'minda ya azungu ankagwiranso thangata. Nthawi yomweyo kutsidya kwa Zambezi migodi inkatsegulidwa, ndipo malipiro ake, ngakhale adali ochepa, ankaposa a ku Nyasaland. Tauni ya Bindura idayamba ndi mgodi wa golide wotchedwa Kimberley Reefs mu 1901, ndipo dzina loti Bindura lidadza mu 1913 njanji itafika. Makilomita pafupifupi 30 kum'mawa kwake kudali mgodi waukulu wa Shamva, komwe mu 1927 antchito pafupifupi 3,500, ambiri mwa iwo ochokera ku Nyasaland, adanyanyala ntchito pofuna malipiro abwino.

Ena mwa omwe adalowera kumwera adadzatchuka pambuyo pake. Cha m'ma 1915 Kamuzu Banda adayenda wapansi kuchoka ku Kasungu mpaka ku Hartley, komwe lero timati Chegutu. Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay adagwirapo ntchito ya ukalaliki pa mgodi wa Shamva asanapitirire ku Cape Town, komwe adayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU mu 1919. Koma unyinji udali wa alimi wamba omwe mayina awo sali m'buku lililonse. Komiti yomwe boma la Nyasaland lidakhazikitsa mu 1935 idapeza kuti anthu pafupifupi 120,000 adali kunja kwa dziko, ndipo kuti mwa anayi alionse, mmodzi sankabwereranso. Amenewa ndiwo matchona, ndipo ambirife kuno ndife zidzukulu zawo.

Njira zina zopitira zidalipo. Kuyambira 1903 mpaka 1933 bungwe la Rhodesia Native Labour Bureau linkalemba anthu ntchito, koma linkawatumiza kumigodi ndi kumafamu komwe ena onse ankakana, mwakuti anthu adalipatsa dzina loti Chibalo. M'zaka za m'ma 1930 boma la Southern Rhodesia lidayambitsa malole onyamula ofuna ntchito popanda malipiro, omwe ankadziwika kuti Ulere, ndipo mu 1946 kudabwera Mthandizi. Agogo ndi anzawo ankakayikira zonse zoyendetsedwa ndi boma, pokumbukira mbiri ya Chibalo. Adasankha kuyenda paokha, zomwe ankazitcha selefu, kuti akafika akadzisankhire okha malo ogwirako ntchito.

Kumanga mtolo

Palibe yemwe ankanyamuka yekha. Gulu la agogo lidali la anthu 12 ochokera m'midzi itatu yoyandikana, ndipo mkulu wa ulendo adali atsibweni a mmodzi wa anyamatawo, bambo omwe adali atapitapo kale kawiri. Makolo ankawadziwa, amfumu ankawadziwa, ndipo mkazi ndi ana awo adatsala m'mudzi momwemo. Munthu wotere sakadayerekeza kutaya ana a eni m'thengo chifukwa akadasowa pobwerera.

Nthawi yonyamuka inkasankhidwa mosamala. Ankadikira masika, zokolola zitalowa m'nkhokwe, kuti kamba apezeke komanso kuti midzi ya m'njira ikhale ndi chakudya. M'dzinja mitsinje imakhala yodzaza, udzu wautali ndipo malungo amachuluka. M'miyezi ya October ndi November, kutentha kwa ku Tete kumapitirira madigiri 40, ndipo madzi amakhala atauma m'makhwawa ambiri. Choncho nyengo yabwino idali kuyambira May mpaka July.

Mtolo wa munthu mmodzi unkakhala ndi thumba la ufa, chimanga ndi mtedza wokazinga, mfutso, nsinjiro, tinsomba touma, nsupa ya madzi, bulangete limodzi, kamkeka, mpeni ndi ndodo. Nkhwangwa, mikondo, mthiko ndi miphika zidali za gulu ndipo ankazisenza mosinthana. Ndalama zochepa zomwe makolo adasonkha ankazisokerera m'lamba kapena m'mphepete mwa bulangete.

Mlimi aliyense angathe kuwerengera vuto lomwe lidalipo. Kuchoka ku Dedza kudzera ku Angonia ndi Tete mpaka ku Bindura ndi mtunda woposa makilomita 500. Munthu wosenza katundu akamayenda makilomita 20 kapena 25 patsiku, afunika masabata atatu kapena anayi, osawerengera masiku opuma. Ngati akudya theka la kilogalamu ya ufa patsiku, mwezi umodzi ndi makilogalamu 15, ndipo pamwamba pake pali madzi omwe lita iliyonse imalemera kilogalamu imodzi. Chakudya cha ulendo wonse sichinkasenzeka. Ankanyamula cha masiku khumi kapena kupitirirako pang'ono, chotsalacho n'kumachipeza m'njira.

Kuchoka mbandakucha mpaka chisisira

Tsiku linkayamba nthanda ikangotuluka. Moto sankausonkhezeranso. Aliyense ankadya mkute, kumwa madzi mokwanira ndi kumanga mtolo, kenako mkulu wa ulendo ankawerenga anthu ake. Ankayenda mondondozana, mkuluyo patsogolo, wachiwiri wake pambuyo penipeni, pomwe anyamata ang'onoang'ono ndi aliyense wotsimphina ankakhala pakati. Liwiro linkatengera munthu wofooka kwambiri m'gululo. M'malo a njovu ndi njati sankacheza, kuti amve kuthyoka kwa nthambi. Akapeza ndowe zofunda ankaima, kuwaza fumbi kuti aone komwe mphepo ikulowera, n'kulambalala mbali yoti fungo lawo lisafike kwa nyamazo.

Gawo lalikulu la mtunda wa tsikulo ankalidula m'mawa kusanatenthe. Dzuwa likayandikira paliwombo ulendo unkaima. M'chigwa cha Zambezi mitengo yambiri imakhala itayoyola masamba m'nyengo imeneyi, ndipo ngakhale mlambe, ndi kukula kwake konse, supereka mthunzi wodalirika. Ankafunafuna bwemba, womwe umakhala wobiriwira chaka chonse. Masana sankaphika. Ankakukuta chimanga chokazinga ndi mtedza, kutola masau, omwe amapsa nthawi yomweyi, ndi kuviika malambe kapena bwemba m'madzi kuti pakhosi pafewe. Atatero ankagona pang'ono, mmodzi ali maso.

Dzuwa likapendeka ankanyamukanso, koma ankaonetsetsa kuti aima kusanade. Malo ogona sankakhala m'mbali mwenimweni mwa madzi, chifukwa usiku nyama zimabwera kudzamwa komanso udzudzu umachuluka. Ankatunga madzi, n'kukwera chakumtunda. Pamenepo aliyense ankadziwa ntchito yake: awiri kukatola nkhuni, makamaka za tsanya zomwe zimanyeka usiku wonse, ena kudula minga yotchingira msasa, ena kusesa malo poopa zinkhanira ndi njoka, ndipo ena kuphika.

Nsima inkaphikidwa kamodzi patsiku ndipo idali imodzi ya gulu lonse. Ufa unkatapidwa ndi chikho chimodzi m'thumba la aliyense, kuti mitolo izipepuka mofanana komanso kuti pasapezeke wodyera anzake. Mchere unkasungidwa ndi mkulu wa ulendo, yemwe ankathira yekha m'ndiwo. Kampoto kathu kaja ndiko kankaphika ndiwozo. Asanayambe kudya ankapatula mkute wa m'mawa, ngakhale njala iwawe chotani.

Atatha kudya pankachitika mwambo womwe ndili mwana sindinkaumvetsa. Masiku oyambirira a ulendo, mkuluyo ankauza aliyense kuti atchule dzina lake, mfunda wake, mudzi, mfumu ndi dzina la mwini mbumba kwawo, ndipo enawo ankabwereza mpaka ataloweza. Cholinga chake chidali chakuti wina akamwalira m'njira, aliyense mwa otsalawo athe kutumiza uthenga kwa eni ake. Kenako ankagona mozungulira moto, mitolo atatsamira, awiriawiri akulonda mosinthana mpaka nthanda itatulukanso.

Madzi, mapazi ndi matenda

Agogo ankanena kuti m'njira monse mikango adangoimva kubangula patali, koma ludzu adaonana nalo maso ndi maso. Lamulo lidali lakuti gulu lisachoke pa madzi lisanadziwe komwe kuli madzi otsatira. Mitsinje yambiri ya m'chigwa imaoneka youma m'nyengo imeneyi, koma pansi pa mchenga madzi amakhala alipo. Ankayang'ana pokhota pa mtsinje, pafupi ndi thanthwe kapena pomwe njovu zidafukula, n'kukumba ndi manja mpaka mchenga utanyowa. Ankadikira kuti madziwo adikhe, n'kuwasefa ndi nsalu. Mitengo ya mkuyu yobiriwira pakati pa thengo louma komanso njiwa zouluka mbali imodzi madzulo zinkawalozera komwe kuli madzi. Nsupa ya munthu inkatengedwa ngati ya gulu, ndipo womwa mobisa ankadzudzulidwa pamaso pa onse.

Chachiwiri chidali mapazi. Ambiri ankayenda opanda nsapato, ena ndi nkhwayira za chikopa. Madzulo alionse ankafunditsa madzi, kuthiramo kamchere, n'kutsuka zilonda. Minga ndi matekenya ankachotsana ndi singano moto ukuwala, ndipo m'ming'alu ankapakamo mafuta a nsatsi. Kubisa bala kudali mlandu, chifukwa kabala konyalanyazidwa lero kankaimitsa anthu 12 patapita masiku atatu.

Chachitatu chidali malungo ndi kutsegula m'mimba. Gulu la agogo litaoloka Zambezi, mnyamata wina adayamba kutentha thupi. Adamudikira masiku atatu, kenako adapanga machira ndi mitengo iwiri ndi bulangete, n'kumunyamula mpaka pamudzi wina. Adamusiya m'manja mwa amfumu pamodzi ndi msuweni wake, atawapatsa mchere ndi nsalu. Patapita miyezi msuweniyo adafika yekha ku Shamva. Mnyamata uja adaikidwa m'manda a pamudzipo mwaulemu, ndipo bulangete lake lidabwerera ku Dedza ndi gulu lina lomwe linkapita kwawo. Mayi ake adalira maliro akudziwa komwe mwana wawo wagona. Agogo akafika pamenepa ankakhala chete kwa kanthawi.

Midzi ya m'njira ndi kuoloka Zambezi

Ufa ukatsala pang'ono, gulu linkapatukira kumudzi. Sankalowa chipiringu. Mkulu wa ulendo ndi wina mmodzi ankatsogola kukapereka malonje kwa amfumu, enawo atakhala pansi kunja kwa mudzi. Chinyungwe cha ku Tete ndi Chichewa zimamvana ndithu, choncho kulankhulana sikunkavuta. Akaloledwa ankagwira maganyu masiku awiri kapena atatu, monga kukolola mapira, kumanga nkhokwe kapena kufolera nyumba, n'kulandira ufa. Masiku amenewa ndiwo adatalikitsa ulendo wa masabata anayi kufika miyezi iwiri.

M'midzimu malamulo adali okhwima. Kuthyola ngakhale chinthu chimodzi m'munda wa mwini, kucheza ndi akazi a eni mudzi kapena kuledzera zidali zoletsedwa. Akuluakulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Mkulu wa ulendo ankadziwa kuti adzadutsanso pomwepo pobwerera, komanso kuti m'mbuyo mukubwera magulu ena omwe adzakanizidwe madzi chifukwa cha kupusa kwa munthu mmodzi.

Pa Tete padalibe mlatho mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Pantoni idalipo pafupi ndi tauni, koma a selefu ambiri ankaopa asilikali a boma la Apwitikizi, lomwe linkagwira amuna kukagwira ntchito yokakamiza. Gulu la agogo lidaolokera patali ndi tauni, m'bandakucha, pa mabwato a asodzi omwe mkulu wa ulendo ankawadziwa. Ankakwera anayianayi, atakhala pansi penipeni m'bwato, manja osawatulutsa chifukwa cha ng'ona, pamene wopalasa ankayang'anitsitsa komwe kuli mvuu. Apa ndi pomwe ndalama zosokerera m'lamba zija zidagwira ntchito.

Kuchoka apo adalondola chigwa cha Mazowe, mtsinje womwewu umadutsa pafupi ndi Bindura n'kukathira mu Luenha ku Mozambique. Adakwera mpaka m'dziko la Akorekore cha ku Rushinga ndi Mount Darwin, komwe adakumana ndi vuto lina. Atazolowera kutentha kwa m'chigwa, adapeza chisanu cha July cha kumtunda ali ndi bulangete limodzilimodzi. Adakatenga chitupa ku ofesi ya boma, popeza popanda chitupa munthu wakuda sankalembedwa ntchito ndipo ankatha kumangidwa. Adafika ataonda, zovala zili nsanza. Omwe adawalandira m'komboni adali anthu akwawo omwe adafika kale, amene adawapatsa pogona ndi kugawana nawo phoso mpaka atapeza ntchito. Agogo adayamba pa famu, kenako pa timigodi ta golide, ndipo m'zaka za m'ma 1960 adalowa pa mgodi wa nikelo wa Trojan utatsegulidwa.

Ena amayenda mwa kufuna kwawo

Masiku ano kuli anthu omwe amasenza chikwama kumsana n'kulowa m'thengo masabata kapena miyezi pofuna kusangalala. Timawaona pa phiri la Mulanje, ku Nyika ndi ku Chimanimani. Ku America kuli njira yotchedwa Appalachian Trail, ya makilomita pafupifupi 3,500, yomwe anthu amaiyenda miyezi isanu mpaka isanu ndi iwiri. Malangizo omwe amapatsidwa ndi oti katundu asapitirire gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwa thupi, anyamuke m'mamawa, asamange tenti m'mbali mwa madzi, asamalire matuza akadali aang'ono, ndiponso auze wina njira yomwe adzere ndi tsiku lobwerera. Nditawerenga zimenezi ndidaona kuti atsibweni aja, omwe sadapite kusukulu, ankaphunzitsa zomwezo. Kusiyana kwake n'kwakuti woyenda mosangalala akatopa amatha kukwera galimoto n'kubwerera kwawo, pomwe agogo ndi anzawo kumbuyo kudali msonkho.

Njira yomweyo lero

Lero basi yochoka ku Blantyre imafika ku Harare tsiku lomwelo, ndipo pa Tete pali milatho iwiri. Wina angaganize kuti nkhani yoyenda m'thengo idatha. Koma alangizi ndi ogwira ntchito m'midzi mukudziwa kuti achinyamata ambiri opita ku South Africa alibe mapasipoti. Amatsika galimoto asanafike pa chipata cha Mwanza, Dedza, Nyamapanda kapena Beitbridge, n'kudula tchire usiku, ena mpaka kuoloka Limpopo komwe achifwamba otchedwa magumaguma amabisalira. Owatsogolera ndi anthu omwe adangowadziwira pa foni, omwe dzina lawo lenileni ndi kwawo sizidziwika. Oyenda limodziwo nawonso sadziwana. Wina akagwa, enawo amapitirira, ndipo kumudzi amangoona kuti foni yasiya kulira.

Mu March 2020, pa sikelo ya magalimoto ya Mussacama m'chigawo cha Tete, anthu 64 ochokera ku Ethiopia adapezeka atamwalira m'kontena ya lole yochokera ku Malawi chifukwa chosowa mpweya. Amoyo adali 14 okha. Malo amenewa ali pa njira yomwe makolo athu ankadzera. Kuno kwathu nako anyamata amakhala masabata m'tchire la Mazowe ndi Shamva pofuna golide, ena ochokera kutali osadziwika ndi aliyense. Mu November 2020, mgodi wakale wa Ran kuno ku Bindura utagumuka, malipoti ankasiyana pa chiwerengero cha anthu otsekeredwa pansi, zomwe zidasonyeza kuti padalibe kaundula wa omwe adalowamo.

Sindikunena kuti kale zinthu zidali bwino. Anthu ankafa m'njira, ankaberedwa, ndipo komwe ankapitako ankalipidwa ndalama zonyozeka. Tsobola wakale sawawa, ndipo n'kosavuta kukometsera mavuto omwe sitidawaone. Chomwe ndikuona n'chakuti oyenda akale adali ndi zinthu zitatu zomwe oyenda ambiri lero alibe, ngakhale ali ndi foni m'thumba: wotsogolera wodziwika kumudzi, gulu lodziwana mayina, ndi lamulo loti wofooka sasiyidwa.

Zomwe tingachite

Choyamba, tilembe mbiri ya akuluakulu omwe atsala. Pamsonkhano wa kalabu ya alimi, wa bungwe lothandizana pamaliro, kutchalitchi kapena kumzikiti, patulani ola limodzi kuti agogo afotokoze. Foni wamba ikhoza kujambula mawu. Afunseni mudzi womwe adachokera, mfumu yaikulu, mfunda, njira yomwe adadzera, malo omwe adagwirako ntchito, ndipo ngati chitupa kapena khadi la pamgodi lilipo, lijambuleni. Phindu lake ndi lenileni. Mabanja ambiri ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia adavutika ndi nkhani ya unzika lamulo litasintha mu 2001. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 amati munthu wobadwira m'dziko muno malamulowa asanayambe kugwira ntchito, yemwe kholo lake lidali nzika ya dziko la m'bungwe la SADC, ndipo iye ankakhala m'dziko muno, ndi nzika mwa kubadwa. Koma kuti munthu atenge chikalata cha kubadwa kapena chitupa amafunsidwa za makolo ake, ndipo yankho nthawi zambiri limakhala m'mutu mwa agogo.

Chachiwiri, tisiye kungouza achinyamata kuti asapite. Njala ndi ulova zikawakankha amapitabe, koma mozemba, ndipo wozemba safunsa. Safunsa adadya phula. Tiwauze poyera kuti atenge pasipoti n'kudzera pa chipata, komanso kuti chidindo cha mlendo si chilolezo chogwirira ntchito. Asalole kutsekeredwa m'kontena, m'thanki kapena pansi pa katundu, ngakhale kwa mphindi zochepa. Asapereke pasipoti kapena foni kwa wowatsogolera. Manambala a abale alembe papepala n'kusokerera m'chovala, chifukwa foni imabedwa ndipo batire imatha. Anyamule madzi, ndipo adziwe kuti wotsegula m'mimba amathandizidwa ndi Thanzi ORS, kapena lita imodzi ya madzi aukhondo yothira masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Wotentha thupi atadutsa m'chigwa cha Zambezi akayezetse malungo tsiku lomwelo.

Chachitatu, tibwezeretse mwambo wotchula mayina uja. Mfumu, komiti ya chitukuko ya m'mudzi kapena bungwe la maliro likhoza kusunga kope wamba lolembamo yemwe wachoka, tsiku, komwe akupita, omwe wapita nawo ndi yemwe akuwatsogolera. Magulu okumba golide nawo angathe kusiya mndandanda wa olowa pansi kwa munthu wotsala pamwamba. Kope ndi cholembera sizifuna thandizo la mabungwe akunja. Wotsogolera akadziwa kuti dzina lake lalembedwa kwa amfumu amasamala, ndipo yemwe akukana kuti dzina lake lilembedwe wadziulula yekha. Paja kuyenda awiri si mantha.

Posachedwapa ndidakhala pansi ndi mayi kuti tiyese kukumbukira mayina a anthu 12 aja, omwe agogo ankawatchula mosaphonya mpaka ukalamba wawo. Tidakumbukira asanu okha, ndipo dzina la mnyamata yemwe adatsala kutsidya kwa Zambezi lidatisowa tonse. Asanuwo ndawalemba papepala lomwe ndalipinda n'kuliika m'kampoto kaja. Ngati kwanuko kuli agogo omwe adabwera wapansi, kaya kudzera ku Tete, ku Zumbo kapena ku Mutoko, musadikire maliro. Pitani mukacheze nawo sabata ino, ndipo zomwe akuuzeni mutilembere kuti tidzagawane ndi awerengi anzathu pa tsamba lino.